Gawo la Mvula ndi Gawo la Munthu

 Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku boma la Phalombe, koma funso limene ili nalo ndi la munthu aliyense amene anayamba wagona usiku tulo osabwera, nadzifunsa mumtima kuti: kodi moyo wangawu unafika bwanji pamene ulipa, ndipo anaufikitsa ndani? Ena amayankha msanga kuti ndi tsoka. Ena amati ndi boma, ena amati ndi anthu oipa mtima a pamudzi. Aliponso ena, makamaka amene zinthu zikuwayendera bwino, amene amati munthu aliyense amadziumbira yekha moyo wake, kotero kuti wosauka asadandaulire wina aliyense. Ine ndikupemphani kuti tisathamangire yankho lililonse mwa awa, koma tiyambe taona zimene anthu a ku Phalombe akhala akukumana nazo, pakuti kumeneko funsoli lafunsidwa ndi misozi kangapo konse.

Kwa inu amene simunafikeko, Phalombe ndi chigwa chachikulu chimene chili kumpoto kwa phiri la Mulanje. Kumwera kwake kwaima mapiri a Mulanje ndi Michesi, kumpoto kuli nyanja ya Chilwa, ndipo kum'mawa ndi malire a dziko la Mozambique. Kale derali linali mbali ya boma la Mulanje, kufikira m'chaka cha 1998 pamene linakhala boma paloka. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 1998 atadutsa, ndi wa 2008 atadutsanso, wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 400,000. Ambiri mwa iwo ndi alimi a minda yaing'ono, olima chimanga, nandolo, mapira, mpunga, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo a m'mbali mwa nyanja amadalira usodzi. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani pamodzi ndi timitsinje tina tambiri imatsika kuchokera kumapiri kulowera ku Chilwa. Madzi omwewo amene amadyetsa chigwachi ndi amenenso amachiliza.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1991, mvula inagwa mosalekeza kwa masiku angapo pa phiri la Michesi. Nthaka inakhuta madzi, ndipo mbali zina za phiri zinagumuka. Matope, mitengo ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba zinatsika ndi liwiro loopsa, n'kusesa midzi, minda, milatho ndi masitolo a pa Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ambiri mwa iwo matupi awo sanapezeke kufikira lero. Akuluakulu anati kwadutsa Napolo, chinjoka chija chimene amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka ndi kukokolola chilichonse chimene chili panjira yake. Dzina lomweli linamvekanso ku Zomba m'mwezi wa Disembala chaka cha 1946, pamene phiri la kumeneko linagumuka.

Tisafulumire kuseka makolo athu chifukwa cha nkhani ya Napolo. M'nkhaniyo anasungamo chidziwitso chenicheni, chakuti phiri lili ndi njira zake zimene madzi amadzera, ndipo kumene Napolo anadutsa kale akhoza kudutsanso. Akatswiri a za nthaka amanena chimodzimodzi m'mau ena. Iwo amati pamapiri otsetsereka ngati Michesi dothi ndi lochepa ndipo lagona pamwamba pa thanthwe, kotero kuti mvula ikachuluka madzi amalowa pakati pa dothi ndi thanthwelo, dothi n'kulemera, n'kuterereka lonse pamodzi kutsata zigwembe za mitsinje. Tsono taonani kuti nkhani imodzi yomweyi ikhoza kubala maganizo awiri osiyana. Munthu wina akamva za Napolo amati: ngati ndi choncho, ndisamange nyumba m'njira yake. Wina amati: ngati ndi choncho, palibe chimene ndingachite, tsiku langa likakwana lakwana. Anthu awiriwa akhulupirira chinthu chimodzi, koma mathero awo sadzafanana.

Apa ndi pamene pagona mutu wa nkhani yathu. Pa chilichonse chimene chimagwera munthu pali magawo awiri. Pali gawo la mvula, ndiye kuti zonse zimene munthu sangazilamule: nyengo, dziko ndi banja limene anabadwiramo, mitengo ya zinthu pamsika, matenda ena, ndi mitima ya anthu anzake. Palinso gawo la munthu: chimene amva n'kusunga, chimene anena, pamene aika khasu lake, ndi chimene achita ndi ndalama imene ili m'manja mwake lero. Nzeru ya moyo yagona pa kudziwa malire a magawo awiriwa. Wosadziwa malirewa amataya mphamvu zake kulimbana ndi mitambo, pamene udzu uli kumera m'munda mwake.

Maganizo amenewa si achilendo. Zaka pafupifupi 1,900 zapitazo kunali mphunzitsi wina dzina lake Epictetus, amene anakulira muukapolo mumzinda wa Rome, ndipo anali wopunduka mwendo. Atamasulidwa anatsegula sukulu ku Nicopolis, m'dziko la Greece, ndipo phata la chiphunzitso chake linali lomweli, lakuti munthu ayambe walekanitsa zimene zili m'manja mwake ndi zimene sizili m'manja mwake, kenaka aike mtima wake wonse pa zoyambazo. Amene ananena izi sanali mwana wa mfumu wosadziwa mavuto. Anali munthu amene thupi lake lomwe linali katundu wa munthu wina. Makolo athu anafupikitsa phunziro lomweli pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Pali mau awiri amene timakonda kuwasokoneza, ndipo kusokonezako kwaononga mabanja ndi midzi yambiri. Mauwa ndi mlandu ndi udindo. Mlandu umayang'ana m'mbuyo ndi kufunsa kuti analakwa ndani. Udindo umayang'ana kutsogolo ndi kufunsa kuti tsopano achitepo kanthu ndani. Mai wa m'munsi mwa Michesi amene nyumba yake inapita ndi madzi alibe mlandu pa mvula imene inagwa. Komabe m'mawa mwake, ana akamuyang'ana m'maso, udindo umakhala uli pa iye, ndipo palibe angausenze m'malo mwake. Munthu akhoza kukhala wopanda mlandu ndi pang'ono pomwe pa chimene chamugwera, koma n'kukhala ndi udindo wonse pa phazi limene aponde pambuyo pake. Ambiri a ife tikamva mau akuti udindo timadzidzimuka, poganiza kuti tikuimbidwa mlandu, ndipo timayamba kudziteteza m'malo moyamba kugwira ntchito.

Nanga chimachititsa n'chiyani kuti munthu wanzeru zake afike poleka kuyesa? Akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Martin Seligman ndi Steven Maier, anafufuza funsoli m'chaka cha 1967. Iwo anatenga agalu n'kumawapweteka ndi mphamvu ya magetsi. Gulu lina linali ndi njira yoletsera ululuwo, pamene gulu lina linalibe njira iliyonse. Pambuyo pake agalu onse anaikidwa m'bokosi mmene kuthawa kunali kosavuta, kungolumpha kampanda kakafupi basi. Agalu amene anazolowera kuti zochita zawo zimathandiza analumpha msanga. Koma ambiri mwa aja amene anazolowera kuti palibe chothandiza anangogona pansi n'kumalira, khomo lili poyera. Chimene chinawachiritsa sichinali kuwakalipira kapena kuwanyengerera. Ofufuzawo anachita kuwakoka ndi kuwaolotsa kampandako kangapo, kufikira ataona okha kuti miyendo yawo ikhoza kuwapulumutsa.

Munthu si galu, ndipo moyo si bokosi la ofufuza. Komabe phunziro lake likutikhudza pawiri. Poyamba, kutaya mtima si ulesi wobadwa nawo. Ndi chinthu chimene munthu amaphunzira akamenyedwa kawirikawiri ndi zinthu zoposa mphamvu zake. Mlimi amene wabzala katatu, madzi n'kukokolola katatu, akanena kuti kulima n'kopanda phindu sitiyenera kumunyoza, pakuti wanena zimene maso ake aona. Chachiwiri, chimene chinaphunziridwa chikhoza kusulidwa, ndipo chimasulidwa ndi ntchito, ngakhale yaing'ono, imene munthu waigwira yekha naona chipatso chake. Mzere umodzi wa udzu wa vetiva umene wagwira dothi pamene munda wa mnansi wakokoloka umalankhula kwa mwini wake mwamphamvu kuposa nkhani khumi za pa wailesi.

Umu ndi mmene maganizo amasandukira khalidwe. Ganizo limene munthu amalibwereza m'mtima tsiku ndi tsiku limafika pokhala mau a pakamwa pake. Mauwo amatsogolera manja, ndipo chimene manja achita kawirikawiri chimasanduka chizolowezi. Zizolowezi zikaunjikana, anthu a pamudzi amazipatsa dzina: uyu ndi wokhulupirika, uyu ndi wa ngongole, uyu ukamutuma amafika, uyu ndi wa mawamawa. Dzinalo ndilo limatsegula kapena kutseka makomo. Gulu la banki mkhonde likamasankha msungichuma silichita maere, limayang'ana mmene munthu wakhalira zaka zonsezi. Mwini sitolo akamakongoza mchere amadziwa amene adzabweza. Chotero zimene timazitcha mwayi nthawi zambiri zimakhala zokolola za khalidwe limene munthu analibzala kalekale pamene panalibe womuona. Njira ya kudambo siilambulidwa tsiku limodzi, imapangika ndi mapazi odutsa pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse.

Mbiri ya anthu a ku Phalombe yomwe ikuchitira umboni. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata umene kale munkadutsa magulu a akapolo popita kunyanja yamchere, ndipo m'chaka cha 1893 Angerezi anamangapo linga la Fort Lister kuti atseke njirayo. Zaka zotsatira, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'zaka makumi angapo zoyambirira za m'ma 1900, Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho, njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafika ndi mitolo pamutu ndi ana kumsana. Ambiri anakalowa m'minda ya azungu kumene anagwira thangata, ndipo ena anapempha malo kwa mafumu amene anawapeza. Ananyozedwa, napatsidwa maina achipongwe. Pa zonsezi analibe mlandu. Koma anaswa mphanje, nabzala chinangwa ndi nandolo, natumiza ana kusukulu za mishoni, ndipo zidzukulu zawo lero ndi aphunzitsi, madokotala ndi atsogoleri a dziko lino.

Ngakhale chakudya chawo chodziwika chija, kalongonda, chili ndi phunziro lake. Nyemba imeneyi ili ndi ululu, ndipo woiphika mothamanga amadwalitsa banja lake. Imafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi mobwereza, kufikira ululu wonse utatha. Amai amene anaphunzira kusandutsa nyemba yoopsa kukhala chakudya chopulumutsa ana m'miyezi ya njala sanasinthe chibadwa cha nyembayo. Anasintha kachitidwe kawo pa nyembayo, ndipo anachita zimenezi ndi kudekha ndi kusamala.

Tiyeni tsopano titsike m'chigwa tifike ku nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero kuti mvula ikachepa zaka zotsatizana imaphwa. Inauma m'chaka cha 1968, inaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika. Nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba yotsala imabisala m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo, ndipo nsomba zochepazo ndizo mbeu ya nyanja yonse madzi akabwerera. Pa chilala cha 1995 panali chiyeso chachikulu, pakuti njala inalipo, ndipo kuthira katupe m'dziwe kukanapatsa munthu dengu lodzaza tsiku limodzi. Mafumu, asodzi ndi alangizi a za nsomba anagwirizana zoteteza maiwewo, naletsa katupe ndi makoka m'malo obisalamo nsomba, nakhazikitsa makomiti oyang'anira. Madzi atabwerera, nsomba zinaswana ndipo usodzi unadzukanso.

Taganizirani za msodzi mmodzi amene anaima m'mbali mwa dziwe usiku, popanda womuona, ana ake ali ndi njala kunyumba, nasankha kubweza dzanja lake. Kuuma kwa nyanja kunali gawo la mvula. Kusiya mbeu ya nsomba kunali gawo lake. Akanati aliyense anene kuti ine ndekha sindingasinthe kanthu, maiwe onse akanatha m'mwezi umodzi. Apa tikuona kuti udindo wa munthu payekha ndi udindo wa mudzi si zinthu zolimbana. Pangano la mudzi limalimba pokhapokha munthu aliyense akalisunga pamene ali yekha. Ndi zoona kuti mutu umodzi susenza denga, komanso denga silikwera ngati aliyense wofika pantchitoyo wapinda manja kudikira mnzake.

Patapita zaka 32 chichitikireni ngozi ya 1991, m'mwezi womwewo wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kumwera. Mapiri anagumukanso ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera osakazidwa koposa. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasiya nyumba zawo. Ndinene momveka bwino kuti palibe mau m'nkhani ino oloza chala iwo amene anatisiya. Madzi ambiri anafika usiku, ndipo anafika ngakhale m'malo amene anthu anakhalamo zaka zambiri mwamtendere. Ambiri amakhala m'munsi mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje chifukwa malo ndi ochepa ndipo alibe kwina kopita. Mvula yochuluka chotero ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo yothithikana.

Koma ife otsala tili ndi funso loti tiyankhe. Nthambi yoona za nyengo inachenjeza pa wailesi masiku angapo namondweyo asanafike, ndipo idzachenjezanso ulendo wina. Kodi chenjezo likadzamveka, banja lanu likudziwa kumene lidzathawire, njira imene lidzadzere, ndi amene adzanyamule agogo? Nkhanga zinapangana kusanapse. Nkhalango ya phiri la Mulanje inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1927, koma lero mikungudza yokhwima yatsala yowerengeka, ndipo matumba a makala amatsika m'mapiri athu tsiku ndi tsiku. Mitengo siiletsa mvula kugwa, koma imachepetsa liwiro la madzi ndi kugwira dothi. Ikatha, mchenga umadzaza mitsinje, ndipo mtsinje wokwiririka umasefukira ngakhale ndi mvula imene kale unkaimeza. Wootcha makala ali ndi chifukwa chake, pakuti ana ake ayenera kudya. Koma thumba limenelo lili ndi woligula m'tauni, ndipo lili ndi wolilola kudutsa pamsewu. Aliyense wa atatuwa ali ndi gawo lake, ndipo aliyense amadzitonthoza ndi mau amodzimodzi akuti ndikaleka ine, wina achitabe.

Chitsanzo china n'cha nandolo, mbeu imene alimi a ku Phalombe amaidziwa bwino. Nandolo wambiri wa dziko lino amagulitsidwa ku India. M'chaka cha 2017 dziko limenelo linaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo unagwa koopsa m'misika yathu yonse. Palibe mlimi wa ku Migowi kapena kwa Chiringa amene anafunsidwa maganizo ake pa lamulolo. Limenelo linali gawo la mvula. Tsono tiyerekeze alimi awiri oyandikana minda. Woyamba akuti dziko lino ndi la anthu akuba, nazula nandolo yense, nalumbira kuti sadzabzalanso. Wachiwiri akumva kuwawa komweko, koma akukumbukira kuti nandolo ndi ndiwo ya ana ake, kuti mizu ndi masamba ake zimabwezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Akusunga mbeu, akuonjezera mbeu zina kuti asadalire msika umodzi, ndipo akulowa m'gulu la alimi anzake kuti azigulitsa pamodzi m'malo mopikisana pamaso pa wogula mmodzi. M'chaka cha 2021 maiko a India ndi Malawi anasainirana pangano lakuti matani 50,000 a nandolo azilowa ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Khomo litatsegukanso chotero, ndani mwa awiriwa anali wokonzeka kulowapo?

Nkhani yomweyi imalowa mpaka m'nyumba. Kuyambira m'chaka cha 1994 maphunziro a pulaimale ndi aulere, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino anakonzedwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Koma lamulo silidzutsa mwana m'mawa, ndipo silikhala nawo pabwalo pamene akuluakulu akukambirana za mtsikana wa zaka 15. Bambo amene amanena pamaso pa ana ake kuti kwathu kuno sukulu siitiyanja, wabzala mbeu imene idzamera m'mitu yawo. Mai amene sadziwa kuwerenga, koma madzulo aliwonse amafunsa mwana kuti amuonetse zimene walemba, wabzalanso mbeu yake. Ndalama ya mpunga kapena ya fodya ikalowa m'nyumba, pali ola limodzi limene mwini wake amasankha pakati pa malata ndi mowa, ndipo ola limenelo silikhala m'manja mwa boma kapena mwa mfiti. Ana amaphunzira udindo poona, pakuti m'mera mpoyamba.

Mau awa asamveke ngati katundu wosenzetsa osauka okha. Masomphenya a dziko lino otchedwa Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa m'mwezi wa Januwale chaka cha 2021, anaika kusintha kaganizidwe patsogolo pa zinthu zofunika kuti dziko litukuke. Zimenezo n'zoona, malinga ngati tikumbukira kuti kaganizidwe kofunika kusintha sikali kumudzi kokha. Kalaliki amene wasunga kalata ya munthu m'kabati miyezi itatu, womanga mlatho amene wachepetsa simenti, mfumu imene yagawa malo m'njira ya madzi chifukwa cha kangachepe, ndi wogawa thandizo amene walemba abale ake m'kaundula wa ovutika, onsewa ali ndi gawo lawo, ndipo gawo lawo ndi lalikulu chifukwa miyoyo ya ena yapachikika pa ilo. Ngozi ya ku Phalombe ya 1991 ndiyo inachititsa kuti chaka chomwecho dziko lino likhale ndi lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo m'chaka cha 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano m'malo mwake. Lamulo lili papepala limadikira munthu woti alisandutse ntchito. Ndiponso kufunsa atsogoleri mwaulemu ndi mosaopa kuti ndalama ya chitukuko yapita kuti, ndi mbali ya udindo wa mzika. Munthu wodziwa gawo lake sakhala chete pamene wina akuthawa lake.

Tsono inu amene mukumvera, mwina muli pakhonde, mwina muli m'sitolo kapena m'chipatala, ndikusiyirani ntchito yoti muyese sabata ino. Tengani vuto limodzi limene lakhala likukusowetsani tulo. Muligawe pawiri monga mmene mai amapetera mpunga, mankhusu kwaokha ndi maso kwaokha. Mbali imodzi ikani zonse zimene simungazisinthe, ndipo muzivomereze kuti zilipo, osadzinamiza. Mbali inayo ikani zimene zili m'manja mwanu, ngakhale zitakhala zochepa chotani. Pa zimenezo sankhani chimodzi chimene mungachichite dzuwa la mawa lisanalowe: kukumba ngalande kuseri kwa nyumba, kubweza gawo la ngongole, kupita kukayezetsa kuchipatala, kupepesa mbale amene munayambana naye, kapena kukaonana ndi aphunzitsi a mwana wanu. Mukachita chimenecho, mkuja musankhe china. Mudziyang'anirenso pakamwa panu, muwerenge kuti patsiku mumanena kangati mau akuti nanga n'kutani. Nthawi iliyonse mauwo akafika palilime, muwasandutse funso lenileni lofuna yankho, ndipo mulipatse yankho lake.

Sindikulonjezani kuti mukatero mudzalemera, kapena kuti madzi sadzafikanso pakhomo panu. Alipo anthu akhama ndi oongoka mtima amene amwalira ali osauka, ndipo alipo aulesi amene anabadwira pa nkhokwe yodzaza. Dziko silinagawe mvula mofanana. Chimene ndinganene mosakayika n'chakuti munthu wosamala gawo lake amakumana ndi tsoka ali chiimire, ali ndi anansi omukhulupirira, ali ndi ana amene anaona mmene munthu amadzukira akagwa. Michesi adzakhalapo ife titapita, ndipo Chilwa adzaphwa ndi kudzalanso monga mwa nthawi zake. Chimene zidzukulu zathu zidzapeze m'chigwa cha Phalombe, ndi m'maboma ena onse a dziko lino, chidzatsamira pa zimene aliyense wa ife achite ndi gawo limene lili m'manja mwake.